Mlendo pa Khomo la Kachisi wa Ahindu

Mwa anthu a kwathu amene amatsikira ku Durban chaka ndi chaka, ena kukaoda katundu wa malonda, ena kukasaka ntchito, ena kukaphunzira, ngowerengeka amene sadadutsepo pa kanyumba kopakidwa utoto wowala, kokhala ndi kansanja kosemedwa pamwamba pake ndi mlongoti wa mbendera pabwalo, kataima pakati pa nyumba za anthu wamba ku Clairwood, ku Chatsworth kapena ku Phoenix. Koma owerengeka koposa ndiwo amene adaimapo nadzifunsa ngati munthu wa mtundu wina ndi wa chipembedzo china aloledwa kulowamo, ndi kuti akaloledwa ayenera kudzisunga motani. Amwenye takhala nawo m'dziko lathu zaka zoposa 100, ndipo amene ali Ahindu pakati pawo ali ndi akachisi awo ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Komabe ambiri a ife tidawadziwira pa kauntala ya sitolo pokha, pamene pamakambidwa za mtengo ndi chenji, osawaonapo ali chilili pamaso pa amene amampembedza. Chifukwa chake ndayesa chinthu chokoma kulongosola nkhani yonseyi mwadongosolo, potsata akachisi aang'ono a ku Durban, pakuti mwambo wa kumeneko ungamthandize munthu kwina kulikonse kumene angapeze nyumba yotere.

Munthu sangadziwe kakhalidwe koyenera m'nyumba asanadziwe mwini wake ndi mmene adaimangira. Pa 16 Novembala 1860 sitima yapamadzi yotchedwa Truro idakocheza pa doko la Durban kuchokera ku Madras, itasenza anthu oposa 300 amene adalembedwa pangano lodzagwira ntchito m'minda ya nzimbe ya azungu a ku Natal. Ndipo pofika chaka cha 1911, pamene boma la India lidatseka njirayi, anthu oposa 150,000 adali atawoloka nyanja pa pangano lomwelo, ambiri mwa iwo olankhula Chitamil ndi Chitelugu a kumwera kwa India, enawo olankhula Chihindi amene adakwerera sitima ku Calcutta. Sadali eni chuma kapena akatswiri a malemba. Adali alimi ndi amisiri osauka, amene adasiya akachisi a makolo awo kutsidya lija nabwera ndi zokhazo zimene mtima ungathe kunyamula. Adakumbukira Mariamman, mayi wa mvula ndi mchiritsi wa nthomba, amene m'midzi ya Atamil ndiye mlonda wa mudzi; adakumbukira Murugan wogwira mkondo, mwana wa Shiva; a kumpoto adakumbukira Rama ndi mtumiki wake Hanuman. Poyamba adaimika mwala patsinde pa mtengo, kapena kutchinga chulu chimene adachiyesa pokhala pa mulungu wamkazi. Pambuyo pake adamanga tizisakasa ta mitengo ndi dothi, kenaka ta matabwa ndi malata, ndipo potsiriza, atasonkha kakobiri kakobiri kuchokera m'malipiro osakwanira ngakhale chakudya, adamanga ndi njerwa. Mmisiri wina dzina lake Kistappa Reddy, amene naye adabwera pa pangano la m'minda, ndiye adamanga kachisi wa Ganesha ku Mount Edgecombe mu 1899, ndipo kachisiyo aliko kufikira lero lino.

Mavuto a nyumba zimenezi sadathere pa kumanga. Kachisi wa Umbilo Shree Ambalavanar, amene adayamba m'mphepete mwa mtsinje wa Umbilo mu 1875, adakokoloka ndi madzi osefukira mu 1905, nadzamangidwanso ku Cato Manor mu 1947. Koma sizidapite zaka zambiri, lamulo la tsankho la Group Areas Act la mu 1950 lidagawa mzinda potsata khungu, Cato Manor idalengezedwa kuti ndi ya azungu, ndipo mabanja zikwizikwi adasamutsidwira ku Chatsworth, ena pambuyo pake ku Phoenix. Nyumba zidagwetsedwa, koma akachisi ena adatsala okha m'tchire, eni ake akubwerako pa masiku a chikondwerero kuchokera kutali. Ndipo kumalo atsopano kuja anthu adayambanso monga adayambira makolo awo, ndi kachipinda kuseri kwa nyumba. Tsono mlendo amvetse ichi chisanadze china chilichonse: kachisi wamkulu wa gulu la Hare Krishna ku Chatsworth, amene adatsegulidwa mu 1985, adazolowera alendo, ndipo ali ndi anthu owalandira ndi kuwafotokozera, koma kachisi wamng'ono wa m'dera sadamangidwe kuti aonedwe. Ndi nyumba ya mabanja owerengeka odziwana maina, yosungidwa ndi komiti ya anthu odzipereka, pakuti mutu umodzi susenza denga. Amayi ndiwo amasesa ndi kutunga nkhata za maluwa, ndipo kawirikawiri wansembe amakhala ndi ntchito ina yomudyetsa, nabwera kudzatumikira m'mamawa ndi madzulo.

Popeza ndi nyumba ya eni, lamulo loyamba ndi lomwe aliyense wa ife adaliphunzira ali mwana: munthu salowa pakhomo pa mnzake asanaodire, ndipo akaodira amaima kufikira amyankhe. Mlendo afike pa nthawi imene anthu alipo, ndiyo m'mawa kapena dzuwa litapendeka, makamaka Lachiwiri ndi Lachisanu ku akachisi a Mariamman, kapena Lolemba ku akachisi a Shiva, chifukwa masana zitseko zimakhala zotseka. Akapeza munthu pabwalo amlonjere, manja ataphatikiza pachifuwa, anene kumene achokera ndi chimene wadzera, napemphe ngati angalowe. Ahindu a ku Durban amalankhula Chingerezi tsiku ndi tsiku, zilankhulo za makolo zidatsalira m'mapemphero ndi m'nyimbo. Komabe moni wakuti Vanakkam kwa Atamil kapena Namaste kwa enawo amasangalatsa mtima wa nkhalamba. Kufunsa sikuyenera kunyozedwa, pakuti safunsa adadya phula: ku India kuli akachisi otchuka, monga wa Jagannath ku Puri ndi wa Guruvayur ku Kerala, amene salola munthu wosakhala Mhindu kulowa, ndipo ngakhale kuti ku South Africa mlendo waulemu amalandiridwa pafupifupi ponseponse, chilolezo n'cha eni. Akakanizidwa, athokoze ndi kubwerera wopanda chakukhosi.

Akaloledwa, avule nsapato pamalo pamene aona nsapato za ena zitaunjikana, nasambitse mapazi ndi manja pa mpopi umene umakhala pafupi ndi chipata. Kwa wowerenga Buku Lopatulika ichi si chachilendo, poti Mose naye adalamulidwa kuvula nsapato pa chitsamba choyaka moto. Zovala zikhale zoyera bwino ndi zobisa mapewa ndi mawondo. Chitenje chimakwanira mayi aliyense, ndipo bambo asiye kabudula ndi chipewa. Lamba kapena chikwama cha chikopa ndi bwino kuzisiya kunja, chifukwa ng'ombe ndi yolemekezeka pakati pa Ahindu, ndipo chikopa cha nyama yakufa amachiyesa chodetsa. Asafike atamwa mowa kapena akununkha fodya. Ndipo popeza opembedza ambiri sadya nyama pa tsiku lopita ku kachisi, mlendo amene adziletsa tsiku limenelo achita chinthu chokoma ngakhale palibe womufunsa. Pali zinanso ziwiri zimene eni ake sazitchula msanga chifukwa cha manyazi: mabanja ambiri salowa m'kachisi maliro akawagwera kufikira mwambo wotsiriza utachitika, umene kwa Atamil umakhala pa tsiku la 16 ndipo kwa olankhula Chihindi pa tsiku la 13, ndiponso amayi ambiri sapitako ali kumwezi. Pa chachiwirichi Ahindu eni ake amatsutsana masiku ano, ophunzira ena akuti n'chakale chofunika kuchisiya. Koma mkangano wa pabanja mlendo sauweruza pa tsiku limene wafika.

Mamangidwe a kachisi ali ndi dongosolo limene limamuuza munthu poyenda ndi poima. Pabwalo, molunjika khomo, pali mlongoti wa mbendera ndi kaguwa ka mwala. Patsogolo pake pagona chifaniziro cha nyama itayang'ana m'kati, ndipo nyamayo ndiyo imaulula mwini kachisi: ng'ombe yamphongo Nandi ndi ya Shiva, mbalame ya pikoko ndi ya Murugan, khoswe ndi wa Ganesha, mkango ndi wa mulungu wamkazi. Opembedza amayamba azungulira nyumba yonse, kawirikawiri katatu, kachisi ali kudzanja lawo lamanja. Ndipo amayamba kupereka ulemu kwa Ganesha wa mutu wa njovu, amene amamuyesa wochotsa zopinga pa chiyambi cha ntchito iliyonse. M'kati muli chipinda chachikulu chopanda mipando yambiri, m'mene anthu amakhala pansi, abambo mbali ina amayi mbali ina. Ndipo kumapeto kwake kuli kachipinda kakang'ono kamdima, kopanda zenera, m'mene muli chifaniziro chachikulu. M'menemo amalowa wansembe yekha. Mlendo asadutse pakati pa nyama ija ndi khomo la kachipindako, asakhudze chifaniziro chilichonse, ndipo akakhala pansi apinde miyendo, chifukwa kuloza mapazi ku malo opatulika kapena kwa munthu wamkulu ndi mwano.

Tiyeni tione tsono chimene chimachitika madzulo a Lachisanu. Mayi afika ndi mbale yachitsulo, m'menemo muli kokonati, nthochi, maluwa, lubani ndi timibulu toyera ta camphor. Wansembe alandira mbaleyo, afunsa dzina la mwini wake ndi la banja lake, nalowa nayo m'kachipinda muja. Aswa kokonati ndi kumenya kamodzi, madzi ake natayikira pansi. Pa masiku ena amasambitsa chifaniziro ndi madzi, mkaka, uchi ndi madzi achikasu a turmeric, kenaka amakoka nsalu yotchinga kuti achiveke zovala ndi nkhata za maluwa anthu osaona. Anthu adikira, ena akuimba motsitsa mawu, ana akusuzumira pakati pa miyendo ya akuluakulu. Mwadzidzidzi belu lilira kolimba, nsalu ikokedwa, ndipo wansembe azunguza nyali yoyaka patsogolo pa nkhope ya chifanizirocho, kotero kuti maso ake, amene adali mumdima, aoneka ngwee. Anthu onse akweza manja ophatikiza, ena milomo ikugwedezeka, ena misozi ili m'maso. Atatero wansembe atuluka ndi mbale ya moto uja nayenda nayo pamzere, ndipo aliyense ayendetsa zikhatho pamwamba pa lawi nazikhudzitsa m'maso mwake, aponya kandalama m'mbale, nalandira phulusa loyera lopaka pamphumi. Mayi uja abwezeredwa theka la kokonati ndi nthochi zake, zimene tsopano azitcha prasad, chakudya chodalitsika chokagawana ndi a kunyumba.

Mphindi ija ya kutsegulidwa kwa nsalu ndiyo mtima wa mapemphero onse, ndipo amaitcha darshan, kuona ndi kuonedwa ndi mulungu. Pano mpamene mlendo wa kwathu amapunthwa m'maganizo, chifukwa adaphunzira kuyambira ubwana kuti kugwadira chosemedwa ndi manja n'kulakwa. Sindilemba kuti ndimchotse pa chikhulupiriro chake. Koma chilungamo chifuna kuti amve chimene eni ake amanena, osati chimene ena amawanenera. Ahindu ambiri akafunsidwa amayankha kuti mwala sauyesa Mulungu. Amati Wamkulukulu ndi mmodzi, wosaoneka ndi wopanda malire, amene amadziwika m'maina ndi m'maonekedwe ambiri, ndipo kuti chifaniziro, chitapatulidwa ndi mwambo wake, chimasanduka malo amene iye avomera kukhalamo kuti munthu wofooka apeze poyang'ana. N'chifukwa chake amachisambitsa, kuchiveka ndi kuchipatsa chakudya, monga achitira mlendo wolemekezeka. Ena amatsindika Shiva, ena Vishnu, ena mulungu wamkazi, ndipo alipo a gulu la Arya Samaj amene sagwiritsa ntchito zifaniziro konse. Munthu angathe kumva zonsezi, osavomereza ngakhale chimodzi, nakhalabe wolemekeza wonenayo. Koma kuyambitsa mtsutso wa chipembedzo m'nyumba ya mapemphero ya eni, kapena kugawamo timapepala ta mpingo wake, ndiko kuiwala kuti kwa eni kulibe mkuwe.

Funso lolemera koposa kwa Mkhristu ndi Msilamu ndi la phulusa ndi chakudya. Mbale ija ikafika pa iye, achite chiyani? Nkhaniyi si yatsopano: msonkhano wa atumwi ku Yerusalemu, wolembedwa m'buku la Machitidwe mutu 15, udalangiza okhulupirira kupewa zoperekedwa nsembe kwa mafano, ndipo Paulo adabwereranso pa nkhani yomweyi m'kalata yoyamba kwa Akorinto, mutu 8 ndi 10, naiika makamaka pa chikumbumtima cha munthu ndi cha mbale wake wofooka. Chisilamu nachonso chimaletsa chimene chaperekedwa m'dzina la wina wosakhala Allah. Chotero alipo amene amalandira nthochiyo ngati mphatso ya mnansi, mtima uli mbee, ndipo alipo amene sangathe. Onsewa angatuluke m'kachisi osakhumudwitsa munthu, malinga achite moona. Wosafuna kulandira auziretu amene adamlowetsa, aime kumbuyo kwa mzere, ndipo mbale ikamfika aike dzanja pachifuwa nawerame pang'ono. Ahindu sakakamiza mlendo, pakuti chipembedzo chawo sichikhalira kukopa anthu. Wolandira alandire ndi dzanja lamanja, lamanzere litachirikiza pansi pake. Choipa chenicheni ndicho kulandira chifukwa cha manyazi kenaka n'kukataya kuseri, pakuti prasad satayidwa pansi kapena m'bini. Kukana poyera kuli ndi ulemu, koma kulandira mwachinyengo kumanyoza wopereka ndi wolandira yemwe. Adziwenso kuti chakudya chophikidwa pa chikondwerero chimayamba chaperekedwa kwa mulungu chisanagawidwe, kuti asadzadandaule atadya kale.

Pa masiku a chikondwerero kachisi wamng'ono amasefukira, ndipo mayesero a mlendo amakhala foni ya m'thumba mwake. Mu Januwale kapena Febuluwale kuli Kavadi ya Murugan, pamene anthu, atadziletsa masiku khumi chikwezereni mbendera, amasenza pamapewa chimtengo chopindika chokongoletsedwa ndi maluwa, nthenga za pikoko ndi timiphika ta mkaka, nayenda nacho opanda nsapato. Ena amabooledwa lilime ndi masaya ndi singano zazitali, ena amakolekedwa mandimu pamsana ndi timbedza. Cha pa Pasaka, ku Cato Manor anthu ovala zachikasu amaponda makala a moto polemekeza mulungu wamkazi Draupadi, ndipo khamu limasonkhana ku kachisi wa Mariamman ku Isipingo Rail pa Lachisanu Loyera. Mu Julayi ndi Ogasiti kuli pemphero la phala, pamene amaphika phala lowawasa la ufa wa chimanga ndi ndiwo za dzungu ndi masamba, naligawira anansi ndi odutsa m'njira mosasankha mtundu. Ndipo kuyambira pakati pa Seputembala Atamil ndi Atelugu amakhala mwezi wathunthu wa Purtassi osadya nyama. Ng'oma zikalimba ena amagwidwa ndi mzimu, navina maso ali gwa, anthu nagwada kuti awadalitse. Wosenza Kavadi sakuchita masewero: nthawi zambiri akukwaniritsa chowinda chimene adawinda mwana wake ali pafupi kufa, kapena ntchito itatha, kapena banja litagwedezeka. Kumjambula munthu wotere osapempha, ndi kumwaza nkhope yake pa Facebook kuti anzako aseke kapena azizwe, ndiko kuba chinthu chimene sungathe kubweza. Kunja kwa nyumba angajambule atapempha; kachipinda kopatulika ndi anthu opemphera awasiye.

Za mphatso, palibe mtengo wolowera, ndipo palibe amene adzamuitanitsa kanthu. Koma magetsi, madzi, utoto, mafuta a nyali ndi mpunga wa pa chikondwerero zimachokera m'matumba a mabanja omwe aja, ambiri a iwo anthu a penshoni. Tsono amene chikumbumtima chake chimlola aponye kangachepe m'bokosi la zopereka, mosaonetsera, ndipo amene sichimlola asavutike, pakuti kuthokoza kochokera pansi pa mtima nakonso ndi mphatso. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka: asakhalitse kufikira eni atope naye, asamtsekereze wansembe ndi mafunso anthu akudikira, koma adikire mapemphero athe, ndipo adzaona kuti nkhalamba za pamenepo zimakondwa kusimba za agogo awo amene adamanga khoma ili ndi kubzala mtengo uwo. Potuluka atsazike amene adamlandira.

Sindingabise kuti pakati pa anthu akuda ndi Amwenye ku Natal pali zipsera. Chipolowe cha mu Januwale 1949, chimene chidapha anthu 142, chidayaka koopsa ku Cato Manor komweko, ndipo mu Julayi 2021 magazi adakhetsedwanso ku Phoenix. Mlendo wakuda angathe kuona maso ena akumuyang'ana mokayika pa chipata, monganso iye angafike ndi zake zimene adamva kwa ena. Ndipo tsankho lidakonzedwa dala kuti mitundu iwiriyi ikumane pa malonda ndi pa ntchito pokha, pamene wina ali pamwamba wina pansi, isakumane pamene onse ali opanda nsapato. N'chifukwa chake ndiyesa ulendo wotere chinthu choposa kukaona zachilendo. Munthu amene waona mayi wa Chimwenye akulirira mwana wake wodwala pamaso pa mulungu wake, angakhale akhulupirire ndi mtima wonse kuti mayiyo akupempha kolakwika, sangathenso kunena za mtundu wonsewo ngati anthu a ndalama okhaokha. Ndipo eni kachisi amene alandira mlendo wodziwa kuodira, wofunsa asanakhudze, wokana mwaulemu chimene sangathe kulandira, adzatsegulira msanga wina wodza pambuyo pake. Ulemu wotere sufuna kuti munthu asiye Mulungu wake kapena abise dzina la mpingo wake. Ufuna kuti akhale woona pa chikhulupiriro chake ndi wofatsa pa cha mnzake, ndipo ziwirizi munthu mmodzi angathe kuzisenza pamodzi.